Mbiri ya sikelo ya 1:1, kuchokera pa chikombole kufika pa tabuleti



Pali funso limene landipeza kangapo kuchokera kwa ena mwa inu amene mukuwotcherera zitsulo ndi kupala matabwa kuno ku Kawale, ku Biwi ndi ku Mchesi. Munthu wajambula maluwa a geti kapena mwendo wokhota wa mpando pa tabuleti. Akufuna kuti chojambulacho chituluke pa pepala mu kukula kwake kwenikweni, achiyale pa tebulo n'kumapinda chitsulo motsatira mzere. Koma pepala likatuluka mu pulinta, iye n'kuikapo tepi, akupeza kuti chojambulacho chaperewera. Chalakwika n'chiyani? Yankho lake ndi lalifupi ndipo ndilipereka kutsogoloku, koma poti ndine mphunzitsi mundilole ndiyambire kutali. Vutoli lili ndi mbiri yake, ndipo wodziwa mbiriyo savutika kumvetsa yankho.

Sikelo yoyamba inali 1:1

Tikati sikelo ya 1:1 tikutanthauza kuti sentimita imodzi ya pa chojambula ndi sentimita imodzi ya chinthu chenichenicho. Ena amayesa kuti zimenezi zabwera ndi kompyuta, chonsecho ndiyo njira yakale kuposa zonse. Agogo athu pomanga nyumba yozungulira ankakhoma chikhomo pakati, kumangirirapo luzi, n'kuzungulira akulemba pansi ndi kamtengo. Mzere umenewo unali pulani, ndipo dothi ndilo linali pepala. Chikombole cha njerwa nachonso ndi chojambula cha 1:1, kungoti ndi chamatabwa. Telala wa pakhonde akadula patani ya kolala pa pepala la thumba la simenti, wokhoma zidebe akasunga kachidutswa ka lata kamene amalembera ndowa iliyonse, onsewa akugwiritsa ntchito sikelo ya 1:1 ngakhale sanaimvepo ikutchulidwa.

Kunja nakonso zinali choncho. M'chaka cha 1979 katswiri wa ku Germany, Lothar Haselberger, anapeza timizere tosaoneka bwino tokandidwa pa makoma a kachisi wa Apollo ku Didyma, m'dziko limene lero ndi Turkey. Timizereto tinali mapulani a amisiri amene ankamanga kachisiyo zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo ambiri mwa iwo anali mu kukula kwenikweni kwa miyalayo. Ku tchalitchi chachikulu cha York Minster ku England kudakali chipinda chimene pansi pake anatsirapo pulasitala, pamene amisiri osema miyala ankajambulapo mawindo n'kudulirapo mapatani awo.

Kwathu kuno chitsanzo chodziwika ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Amene ankatsogolera ntchitoyo, Rev. David Clement Scott, sanaphunzirepo zomangamanga, ndipo sanajambule pulani yonse ya tchalitchicho asanayambe. Iye ndi amisiri akuda amene anagwira naye ntchito ankayamba ayala njerwa popanda matope, kuona ngati zikukhala bwino, kenaka n'kumanga. Njerwazo anaziumba pompo, za maonekedwe osiyanasiyana, mtundu uliwonse ndi chikombole chake. Scott yemweyu ndi amene anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. Tchalitchicho chilipobe mpaka lero, umboni woti kuyesa chinthu pa kukula kwake kwenikweni ndi nzeru yogwira.

Sitima zobwera m'maphukusi

Njira ya Scott imatheka pamene wolingalira ndi womanga ali pamalo amodzi. Nanga ngati wina ali ku Scotland, wina ali ku Mangochi? Apa ndi pamene mbiri ya sitima za pa nyanja yathu imatiphunzitsa kanthu.

Sitima ya Chauncy Maples, imene inapatsidwa dzina la bishopu wa mishoni ya UMCA amene anamira pa nyanja mu 1895, inapangidwa ku Glasgow ndi kampani ya Alley & McLellan. Kenaka anaiphwasula n'kuitumiza m'maphukusi 3,481, kudzera pa mitsinje ya Zambezi ndi Shire, ndipo pamene panali mathithi katunduyo ankasenzedwa ndi anthu. Chidutswa chilichonse chinali ndi nambala yake, koma pokuta zitsulozo ndi zoletsa dzimbiri manambalawo anakwiririka. Olumikiza sitimayo anavutika zaka ziwiri, ndipo inalowa m'madzi mu 1901. Ilala imene tikuidziwayi nayo inabwera chimodzimodzi: inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow komweko mu 1949, inabwera m'zidutswa, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja mu 1951.

Chimene chinkachititsa kuti zidutswa zoterezi zikumane bwino ndi ichi. M'malo opangira sitima a nthawi imeneyo munkakhala chipinda chachikulu chopanda mipando, cha pansi posalala. Amisiri ankatenga pulani yaing'ono ya injiniya n'kuijambulanso pansipo mu kukula kwenikweni kwa sitimayo, atagwada ndi choko ndi timatabwa topindika. Pa mizere imeneyo ndi pamene ankadulira mapatani a matabwa, ndipo chitsulo chinkadulidwa motsatira mapataniwo. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Pa pulani ya 1:50, kukhuthala kwa mzere wa pensulo, theka la milimita, kumasanduka mamilimita 25 pa chitsulo. Mabowo a misomali akasemphana ndi mamilimita 25, sitima imalowa madzi. Choncho pulani yaing'ono inali yoganizira ndi yokambirana, koma podula chitsulo ankabwerera ku 1:1.

Mzinda wathu unayamba wakhala pa pepala

Sitima ungathe kuijambula pansi yonse, koma mzinda sungathe. Zinthu zazikulu zimafuna kuchepetsedwa mwa lamulo, ndipo lamulolo linakonzedwa pang'onopang'ono. Mfalansa Gaspard Monge, m'zaka za m'ma 1790, anaphunzitsa njira yoonetsera chinthu pa pepala pochiyang'ana kuchokera pamwamba ndi kutsogolo, imene ndiyo maziko a Technical Drawing mpaka lero. Mu 1842 John Herschel wa ku England anatulukira njira yokopera zojambula ndi kuwala kwa dzuwa, imene inadzabala mapulani abuluu a mizere yoyera aja. Pambuyo pake kunabwera makina a amoniya, otulutsa mizere yakuda kapena yabuluu pa pepala loyera. Mfundo imene ndikufuna muigwire ndi iyi: pa njira ziwiri zonsezi pepala loonekera mkati linkagonekedwa pamwamba pa pepala lokoperapo, ndiye kope linkatuluka lofanana ndendende ndi chiyambi chake. Panalibe batani lokulitsa kapena kuchepetsa.

Lilongwe amene tikukhalamoyu ndi mwana wa mapepala oterowo. Mu 1965 boma la Dr. H. Kamuzu Banda linagamula zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba. Dziko la Britain silinafune kulipira ntchitoyo, ndipo South Africa ndi imene inabwereketsa ndalama zoyambira, marandi 8 miliyoni. Mu 1968 kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation, ndipo chaka chomwecho kunatuluka pulani yaikulu ya mzindawu yolembedwa ndi akatswiri a ku South Africa, Gerke ndi Viljoen. Lilongwe anakhala likulu mu 1975, ndipo bungwelo linatsekedwa mu 1984. Manambala amene timatchula tsiku ndi tsiku m'minibasi, Area 18, Area 23, Area 25, anayamba ali manambala a pa mapu. Kawale wathuyu pa mapupo ndi Area 7.

M'madera ngati Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 25 munayalidwa mapuloti a anthu opeza zochepa: masaveya ankayeza malo, kuika mabikoni ndi kusiya misewu, ndipo mwini puloti ankamanga yekha nyumba monga mwa thumba lake. Malo ngati Chinsapo ndi Mgona anakula mwa njira ina, anthu anayamba kumanga pulani isanafike, ndipo kusiyana kwake mumakuona ndi maso mukayang'ana m'mene njira zikuyendera. Pa ntchito ya masaveya sikelo si nkhani yosewera nayo. Tiyerekeze mapu a mapuloti a 1:1,000. Munthu akaphonya ndi milimita imodzi yokha pa pepala, pansi waphonya ndi mita yathunthu, ndipo mita imodzi ya malire ndi yokwanira kudanitsa mabanja awiri mpaka adzukulu.

N'chifukwa chake ojambula mapulani akale anali ndi lamulo limene ankalemba m'munsi mwa pepala: osayeza pa chojambula ndi rula, tsatirani manambala olembedwa. Ankadziwa kuti pepala limafutukuka nyengo ya dzinja, limakwinyika, limang'ambika, koma nambala sisintha. Aphunzitsi a Geography mukudziwa zomwezi pa mapu a 1:50,000 a ku Department of Surveys, pamene masentimita 2 ndi kilomita imodzi. Mukawachepetsa pa fotokope kuti akwane pa pepala la mayeso, sikelo yolembedwa m'manambala ija imasanduka bodza, ndipo imene imatsala yoona ndi ya kamzere yokha, chifukwa kamzereko kamachepa limodzi ndi mapuwo.

Pepala lili ndi masamu ake

Pepala la A4 limene timalimbirana ku sitafu rumu lili ndi mbiri yakenso. Miyeso yake inakhazikitsidwa ku Germany mu 1922 kudzera mwa injiniya Walter Porstmann, ndipo inavomerezedwa kukhala ya dziko lonse mu 1975, chaka chomwe Lilongwe anakhala likulu. Pepala lalikulu, A0, ndi mamilimita 841 m'lifupi ndi 1,189 m'litali, ndiye kuti sikweya mita imodzi. Mukalipinda pakati mupeza A1, ya 594 ndi 841. Mukapitiriza kupinda mufika pa A4, ya 210 ndi 297. Mu A0 imodzi muli ma A4 okwana 16. Nzeru yake ndi yoti pepala likapindidwa pakati maonekedwe ake sasintha, n'chifukwa chake pa makina a fotokope pali manambala achilendo aja, 71% ndi 141%, ochotsera A3 kupita pa A4 ndi kubwerera.

Koma ku America sanatsatire zimenezi. Iwo ali ndi pepala lawo lotchedwa Letter, la mamilimita 216 ndi 279, lotambalala pang'ono koma lalifupi poyerekeza ndi A4. Mapulogalamu ambiri a kompyuta anapangidwa kumeneko, ndipo ena amabwera atasankhiratu Letter. Musaiwale mfundo imeneyi, tikumana nayo posachedwa.

Kompyuta inabweza 1:1

Mu 1963 wophunzira wina wa pa MIT ku America, Ivan Sutherland, anaonetsa pulogalamu yotchedwa Sketchpad, imene munthu ankajambula pa galasi la kompyuta ndi cholembera cha kuwala. Mu December 1982 kampani ya Autodesk inatulutsa AutoCAD, imene inkatha kugwira ntchito pa kompyuta ya pa desiki. Mu 1993 Adobe inabweretsa PDF, fayilo imene imasunga tsamba limodzi ndi miyeso yake. Mu 2010 Apple inatulutsa iPad, ndipo matabuleti a Android anatsatira. Mnyamata wa ku Kawale amene akujambula geti ndi chala pa galasi lero akuchita zimene Sutherland anayamba pa kompyuta yodzaza chipinda.

Kusintha kwakukulu kumene CAD inabweretsa ndi uku. Pa bolodi yojambulira, munthu ankasankha sikelo asanalembe mzere woyamba, chifukwa pepala linali ndi malire. Mu CAD mulibe malire a pepala. Chitseko cha mamilimita 2,000 umachijambula 2,000 yemweyo, ndipo sikelo imabwera kumapeto, pa nthawi yosindikiza. Tingati kompyuta inatibwezera chipinda chachikulu chija cha amisiri a sitima. Koma pakati pa chipindacho ndi tebulo la mmisiri paima pulinta, ndipo pulinta inapangidwira makalata. Ntchito imene imaidziwa ndi kuonetsetsa kuti palibe mawu odukira m'mphepete. Mapulinta ambiri sasindikiza mpaka kumapeto kwenikweni kwa pepala, amasiya mamilimita angapo mbali zonse. Ndiye pulogalamu ikaona kuti tsamba silikukwana, imalichepetsa mwakachetechete osakufunsani. Pa kalata palibe amene angazindikire. Pa patani ya chitsulo ndi tsoka.

Tiyeni tiwerengere. Tsamba la Letter likakakamizidwa kulowa pa A4 limachepa kufika pafupifupi 97%. Duwa la geti lotalika mamilimita 600 limatuluka 582, kuperewera ndi 18. Ngati maluwa asanu otere akuyenera kudzaza felemu ya mamita atatu, patsala mpata wa masentimita 9. Pamenepo chitsulo chadulidwa kale, ndodo zowotcherera zatha, magetsi kapena mafuta a jenereta apita, ndipo kasitomala akudikira geti lake. Pa tabuleti vutoli limakula chifukwa mapulogalamu ambiri amangokupatsani batani losindikizira, osakupatsani posankha sikelo.

Yankho lija

Choyamba, musanatulutse chojambula onetsetsani kuti mukujambula m'mamilimita, osati mainchesi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndipo kusokoneza ziwirizi kumaonekera msanga.

Chachiwiri, jambulani pakona pa chojambulacho kabokosi ka mamilimita 100 mbali zonse, ndipo mulembepo nambalayo. Chojambula chikakhala chachitali, onjezani mzere wautali wa muyeso wodziwika, monga 500, chifukwa kuphonya kochepa sikuoneka pa kabokosi kakang'ono.

Chachitatu, musasindikize mwachindunji kuchokera mu pulogalamu ya CAD ya pa tabuleti. Sandutsani chojambulacho kukhala PDF, mutasankha sikelo ya 1:1 ndi pepala lokwanira chinthucho. Patani ya 500 ndi 800 imakwana pa A1.

Chachinayi, tengerani PDF imeneyo pa kompyuta kapena kwa osindikiza m'tauni amene ali ndi makina a mapepala aakulu, amene amasindikiza mapulani a nyumba. Auzeni momveka kuti asankhe Actual size kapena 100%, asasankhe Fit. Ngati pali pulinta ya A4 yokha, mu Adobe Acrobat Reader ya pa kompyuta muli posankha Poster, pamene tsamba lalikulu limagawidwa m'mapepala ang'onoang'ono okhala ndi zizindikiro zolumikizira. Patani ya 500 ndi 800 ija imafuna mapepala pafupifupi 9. Onetsetsani kuti pepala losankhidwa ndi A4, osati Letter.

Chachisanu, ndipo ichi ndicho chachikulu: musanalipire, musanamate mapepalawo, tulutsani tepi muyeze kabokosi kaja mbali zonse ziwiri. Kakakhala 100 ndi 100, pitirizani. Kakakhala 97, abwereze. Mukamata, yezaninso mzere wautali uja, kenaka mumate pataniyo pa katoni kapena pa pulayiwudi kuti chinyezi chisaisinthe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Apa wofunsidwayo ndi tepi.

Mwaona kuti patani ya 1:1 imaphwanya dala lamulo lakale lija loletsa kuyeza pa chojambula. Mmisiri akutsatira mzere weniweniwo, osati nambala. Kabokosi ka 100 ndi kamene kamamupatsa chilolezo chotero, monga m'mene kamzere ka sikelo kamapulumutsira mapu a pa fotokope.

Mawu kwa aphunzitsi anzanga

Maphunziro a ntchito zamanja si achilendo m'dziko muno. Dr. Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun ku Livingstonia mu 1894, ndipo kumeneko anyamata ankaphunzira ukalipentala, kumanga ndi kusindikiza mabuku. Pambuyo pa ufulu kunabwera Polytechnic ku Blantyre, imene kuyambira 2021 ndi yunivesite payokha yotchedwa MUBAS. Mu 1999 kunakhazikitsidwa TEVETA yoyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Technical Drawing ili pa mndandanda wa maphunziro a MSCE, koma tonse tikudziwa kuti masukulu athu ambiri a m'makwalala muno alibe mabolodi, alibe zipangizo, alibe mphunzitsi wake. Ana ambiri amene amathera ku shedi ya zowotcherera amapitako asanagwirepo T-square.

Komabe sikelo sikhala mu Technical Drawing mokha. Ili mu Masamu pamene tikuphunzitsa ratio ndi enlargement, ilinso mu Geography pa kuwerenga mapu. Vuto ndi loti timaiphunzitsa ngati chinthu cholembera mayeso, ndiye mwana akachoka pa sukulu saizindikira akakumana nayo pa galasi la tabuleti. Pempho langa ndi laling'ono. Tsiku lina tengani choko ndi tepi, mutulutse ana panja, muwapatse pulani ya chitseko ya 1:20 kuti aijambule pa khonde mu kukula kwake kwenikweni. Kenaka apatseni pepala limodzi losindikizidwa pa 100% ndi lina pa Fit, ayeze okha, awerengere okha kuti laperewera ndi maperesenti angati. Phunziro limenelo silifuna labotale, limangofuna piriyodi imodzi ndi mapepala awiri.

Ndipo inu amene muli ku mashedi, tabuleti ndi chida chabwino, chigwiritseni ntchito. Imakupatsani mwayi wosunga mapatani ambirimbiri m'thumba ndi kuonetsa kasitomala geti lake lisanapangidwe, zimene amisiri a ku Glasgow sanazilotepo. Koma tepi isachoke m'chiuno. Mukapeza njira ina yabwino kuposa imene ndafotokozayi, mudzandiuze tikakumana pa msika, kuti nanenso ndikauze ana amene ndili nawo chaka chino.